Ma bug a pulogalamu yathu tiziwasunga kwa yani?

FUNSO

Akonzi,

Tilipo anayi, tonse tinamaliza maphunziro a zamakompyuta chaka chatha, ndipo tikulemba pulogalamu ya pafoni yothandiza magulu a banki mkhonde kusunga kaundula wa masheya ndi ngongole. Tinagwirizana kuyambira pachiyambi kuti ikhale open source, aliyense aitenge, aiwerenge, aikonze. Magulu angapo ayamba kale kuigwiritsa ntchito, ndipo madandaulo ayamba kubwera. Pakadali pano onse amafikira pa gulu lathu la WhatsApp, ndiye ena amakwiririka ndi mauthenga ena, ena timapezeka tawakonza anthu awiri osadziwana.

Tsono tasemphana. Mnzathu wina akuti tipite pa Jira chifukwa ndi imene amagwiritsa ntchito kumene walembedwa ntchito, ndipo kwa anthu ochepa ngati ife ndi yaulere. Wina akuti GitHub Issues basi, poti code yathu ili kale komweko. Wachitatu wakanitsitsa. Akuti n'zochititsa manyazi kulalikira open source uku tikudalira zida zimene code yake ndi yobisika, ndiye akufuna tiike Bugzilla kapena Redmine pa seva yathuyathu. Ine ndi amene anandisankha kuti nditsogolere, koma sabata zitatu zatha tikungokangana, ma bug ali chikhalire osakonzedwa. Kodi nkhani ya ufuluyi ili ndi phindu lenileni, kapena ndi chikhulupiriro chabe? Tisankhe chiyani?

Wowerenga wanu wa ku Zomba

YANKHO

Achemwali,

Ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwere pambuyo. Jira isiyeni. Seva yanuyanu musaiyambe panopa. Ma bug anu muwasunge pa pulogalamu yaufulu imene akuiyendetsa ndi anthu ena, ndipo malo amene ndingakulozereni ndi Codeberg. Anzanu akakana kuchoka pa GitHub, khalani pomwepo, palibe chimene chingaonongeke lero kapena mawa, bola pakhale ntchito ina imene muziichita mosadumphitsa, ndiifotokoza kutsogoloku. Chimene sindingavomere n'chakuti sabata yachinayi ikupezeni madandaulo akadali pa WhatsApp. Mnzanu wachitatuyo mumukumbutse kuti WhatsApp nayo ndi yotseka, ndipo pa zida zonse zimene mwatchula ndi imene ikukutayitsani zambiri tsiku ndi tsiku.

Koma mumumvetsere, ngakhale wafika nazo mwaukali. Zimene akunena si chikhulupiriro chabe. Kuti muone pamene pagona phindu lake, tiyambe taona chimene chimakhala m'kaundula wa ma bug.

Tiyerekeze msungichuma wa gulu lina wadandaula kuti chiwongoladzanja cha pafoni chikumasiyana ndi cha m'kope lake mwezi uliwonse. Mwatsegula issue nambala 47. Mmodzi wa inu walemba kuti wayesa pa foni yake, zonse zili bwinobwino. Patapita masiku wina wapeza gwero: gululo limawerengera chiwongoladzanja pa ngongole yotsala, pomwe pulogalamu yanu ikuwerengera pa ngongole yonse. Mwayamba kukambirana. Uyu akuti tisinthe kwa onse, uyo akuti ayi, magulu amasiyana malamulo, tiike poti gulu lizisankha lokha. Mwagwirizana zoika posankha, ndipo pa commit mwangolemba kuti yakonza nambala 47. Pakatha zaka zitatu, anayi inu mwina mutabalalika, mnyamata wina amene simunamuonepo adzatsegula code ija n'kudabwa kuti bwanji pali njira ziwiri zowerengera chinthu chimodzi. Code idzamuuza chimene chikuchitika, koma chifukwa chake chili mu nambala 47 mokha. Nambalayo ikasowa, iye adzafufuta njira imodzi poganiza kuti akuyeretsa, ndipo msungichuma uja adzayambanso kukangana ndi mamembala ake pa ndalama.

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa mpaka tsiku losamuka. Mukachita git clone mumatenga code yonse ndi mbiri yake yonse, moti aliyense wa inu anayi ali ndi kope lathunthu pa laputopu yake. GitHub itatseka usiku uno, code yanu siingasowe. Koma ma issue sabwera nawo m'kopemo. Amatsala mu database ya mwini malo. Code ili ngati buku la kuchipatala lija mumasunga nokha kunyumba, loti ngakhale mutasamukira boma lina dokotala watsopano amaonamo mankhwala amene munalandira, pomwe ma bug ali ngati faelo imene imatsala m'shelefu ya chipatala chimene mwachokako. Ndiye funso loyamba pa chida chilichonse si kukongola kwake kapena mtengo wake lero. Funsani kuti tsiku lochoka mudzatuluka ndi chiyani m'manja, ndipo amene angakuuzeni kuti chokani ndi ndani.

Nkhani imene anthu a open source amaikumbukira kwambiri pa zimenezi si ya ma bug, koma ndi mtundu womwewu. Kuyambira 2002 Linus Torvalds ndi anzake ankasunga code ya Linux pa BitKeeper, pulogalamu yotseka ya kampani ya Larry McVoy, imene ankaloledwa kuigwiritsa ntchito ulere. Inalidi yabwino kuposa zaufulu za nthawi imeneyo, ndipo Torvalds sankabisa kuti anaisankha pa chifukwa chimenecho. Koma ulerewo unali ndi malamulo ake. Mu 2005 Andrew Tridgell, wolemba pulogalamu ya Samba, atayamba kulemba kachida kotha kulankhula ndi seva za BitKeeper, kampaniyo inachotsa ulere uja. Torvalds anachita kusiya kaye ntchito zina mu Epulo chaka chomwecho n'kukhala pansi kulemba Git, imene mukugwiritsa ntchitoyi. Anthu amakonda kuimaliza nkhaniyi mosangalala poti inabala Git. Inu mulibe munthu woti akulembereni chida chatsopano m'masabata ochepa mwini wake akasintha maganizo.

Imene ikufanana kwambiri ndi mkangano wanu ndi ya Python, ndipo ndikufuna muifotokozere anzanu onse atatu, chifukwa aliyense apezamo pomukomera ndi pomuluma.

Mu 2006 olemba Python anali atatopa ndi kaundula wa ma bug wa pa SourceForge. Bungwe lawo, Python Software Foundation, linaika komiti yotsogozedwa ndi Brett Cannon, ndipo inayesa zida zinayi: Jira, Launchpad, Roundup ndi Trac. Ziwiri zoyambazo zinali zotseka pa nthawiyo, ziwiri zinazo zaufulu. Pamapeto panatsala Jira ndi Roundup. Komiti inaona kuti pa ntchito yeniyeniyo zonse ziwiri zingakwanitse, koma Jira inabwera ndi lonjezo lakuti ena adzaisunga ndi kuisamalira, pomwe Roundup inkafuna manja. Ndiye inalengeza kuti itenga Jira, pokhapokha patapezeka anthu okwanira odzipereka kusamalira Roundup. Ambiri sanakondwe kuti chilankhulo chaufulu chikadalire chida chotseka, cholembedwanso mu Java, pomwe Roundup ndi yolembedwa mu Python momwemo. Koma komiti sinkafuna kumva kuti ndani wakhumudwa. Inkafuna maina a anthu ogwira ntchito. Maina anapezeka, kampani ya ku South Africa ya Upfront Systems inapereka posungira, ndipo mu 2007 bugs.python.org inatsegulidwa pa Roundup. Kuchotsa ma bug akale pa SourceForge nako sikunali kophweka, moti Fredrik Lundh anachita kulemba zida zake zokawakoka kumeneko.

Roundup ija inagwira ntchito zaka pafupifupi 15, ndipo zokambirana zambiri za kukula kwa Python 3 zinalembedwa mmenemo. Koma manja aja anayamba kuchepa. Anali ataisinthasintha kuti igwirizane ndi zofuna zawo mpaka inasiyana ndi Roundup ya anthu onse, ndipo oidziwa mkati mwake anali owerengeka. Code inasamukira ku GitHub mu 2017, ma bug n'kutsala kwina, ndiye ntchito imodzi inkachitikira pamalo awiri. Mariatta Wijaya analemba PEP 581 yopempha kuti ma bug atsatire code, ndipo inavomerezedwa mu 2019. Ezio Melotti ndi Berker Peksag analemba PEP 595 yoti akonze chimene anali nacho kale, koma sinapambane, ndipo Melotti yemweyo ndi amene anadzatsogolera ntchito yosamutsa, imene inatha mu Epulo 2022. Taonani kutalika kwake: zaka zitatu kuchokera pa chigamulo kufika posamuka, kwa gulu lokhala ndi ndalama, akatswiri, ndiponso thandizo la GitHub yeniyeniyo. Manambala anasintha. Mpaka lero mukawerenga mbiri ya Python mupeza manambala akale oyamba ndi bpo ndi atsopano oyamba ndi gh, ndipo malo akalewo anawasiya kuti aziwerengedwa chabe, kuti wotsata nambala yakale asasochere.

Mnzanu wa GitHub adzati mwaona, ngakhale Python inagonja. Mnzanu wachitatu adzati mwaona, anakana Jira n'kukhala paokha zaka 15. Onse akunena zoona. Ine ndimaonamo zinthu ziwiri. Choyamba, chida chaufulu chinakhalapo pamene panali anthu ochisamalira, ndipo anthuwo atatopa laisensi yake sinawathandize kukhala. Chachiwiri, pamene ankachoka mu 2022 anachoka pa nthawi yawo, atakambirana mokwanira, atatenga chilichonse, chifukwa database inali yawo. Palibe amene anawapatsa tsiku. Phindu la ufulu umene mnzanu akunenawo lili pamenepa, ndipo limaoneka tsiku losamuka, osati tsiku loyamba.

Ena anapatsidwa tsiku. Google inalengeza mu Malichi 2015 kuti ikutseka Google Code, ndipo pofika Januwale 2016 inali itatseka. Inachita mwaulemu, inapereka chida chosamutsira ku GitHub, inasiyanso nkhokwe yoti anthu aziwerenga zakale, koma panalibe amene akanatha kunena kuti ife tipitiriza kuiyendetsa tokha. Microsoft inatseka CodePlex mu 2017. Bitbucket, ya Atlassian, inachotsa ntchito zonse zosungidwa pa Mercurial mu 2020. Tsono yerekezerani ndi Phabricator. Kampani imene inkaisamalira, Phacility, inasiya ntchito mu 2021. Koma Phabricator inali yaufulu, ndiye ogwiritsa ntchito anatenga code n'kuipitiriza pansi pa dzina la Phorge. Wikimedia, imene inasamutsira ma bug ake ku Phabricator mu 2014 kuchokera ku Bugzilla, inangopitiriza ndi Phorge, manambala ake onse ali momwemo. Eni ake amatopa mbali zonse ziwiri. Kusiyana n'kwakuti kumbali imodzi wotsala ali ndi chochita.

Komabe laisensi payokha isakunamizeni. Launchpad ya Canonical, kampani ya Mark Shuttleworth, inakhala yotseka zaka zingapo anthu akudandaula kuti Ubuntu, ya kampani yomweyo, ikudalira chida chobisika, mpaka anaimasula mu Julayi 2009 pansi pa AGPL. Koma ndi yaikulu ndiponso yovuta kuiika, moti anthu sanathamangire kukatsegula Launchpad zawozawo. Code imene mwaloledwa kutenga koma simungathe kuiyendetsa imakupatsani ufulu wa papepala. Chida chabwino kwa inu ndi chimene mmodzi wa inu angachiike pa laputopu madzulo amodzi n'kuona chikuyenda.

Za Jira sinditalikitsa. Ndi chida champhamvu, ndipo mnzanu woyambayo sanalakwe kuchikonda. OpenMRS ndi DHIS2, mapulogalamu aufulu amene amagwira ntchito yaikulu ya zaumoyo kuno ku Malawi ndi maiko ena ambiri, onse amasunga ma bug awo pa Jira, chimodzimodzi ntchito zambiri za Apache Software Foundation. Amene akufuna kudzathandiza pa mapulogalamu amenewo ayenera kuidziwa. Koma awo ndi mabungwe okhala ndi antchito olembedwa, otha kukambirana ndi Atlassian, mwini wake wa Jira, ngati bungwe. Ulere umene mnzanu akunenawo umathera pa anthu 10, pomwe pulogalamu ya open source imafuna kuti mlendo aliyense athe kulowa n'kunena chimene waona. Ilipo njira yoti ntchito za open source zipemphe laisensi yaulere yokulirapo, koma imeneyo ndi mphatso, ndipo wopereka mphatso ndi amene amaika malamulo. Atlassian inasiya kugulitsa laisensi zatsopano za Server, zija munthu ankaika pa makina ake, mu Febuluwale 2021, n'kusiyiratu kuzithandiza mu Febuluwale 2024. Mu Epulo 2022 kulakwitsa kwa mkati mwa kampaniyo kunafufuta masamba a makasitomala pafupifupi 775, ndipo ena anadikira mpaka sabata ziwiri kuti abwezeretsedwe. Ngozi yotere ingagwere aliyense wosunga zinthu za anthu. Ndaitchula chifukwa amene analibe kope lawo analibe chochita china kupatula kudikira. Kuwonjezera apo Jira anaipangira makampani okhala ndi mabwana ofuna malipoti, ndipo anthu anayi mudzataya nthawi yambiri kukonza mabokosi ake kuposa kukonza ma bug.

GitHub ndiye yovuta kuikana, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti ndi yoipa. Anthu ali kumeneko. Wophunzira wa ku Nairobi kapena ku Lusaka akapeza pulogalamu yanu n'kuona vuto, akaunti ali nayo kale, alemba pomwepo. Ma issue ndi ma pull request amalumikizana okha. Olemba anthu ntchito nawonso amayang'ana kumeneko, ndipo kwa inu amene mwangomaliza sukulu chimenechi si chaching'ono. Komanso ili ndi API yotha kutulutsa ma issue ndi ndemanga zake, kotero khomo lotulukira lilipo lero.

Vuto lake ndi loti khomolo, pamodzi ndi china chilichonse, lili m'manja mwa mwini wake, amene kuyambira 2018 ndi Microsoft, itagula kampaniyo ndi madola 7.5 biliyoni. Mu Januwale 2016 osamalira mapulogalamu ambiri otchuka analemba kalata yotchedwa Dear GitHub, kudandaula kuti ma issue akuwakwirira ndi mauthenga opanda mutu ndipo palibe njira yofunsira wodandaula kuti afotokoze zofunika. GitHub inamva, m'miyezi yotsatira inaika ma template ndi tizizindikiro tovomerezera. Koma taganizani: amenewa anali akatswiri otha kukonza vutolo okha m'masiku ochepa, ndipo chimene akanatha ndi kulemba kalata yopempha basi. Mu Julayi 2019 anthu a ku Iran, Syria ndi Crimea anadzuka n'kupeza mbali zina za ma akaunti awo zitatsekedwa chifukwa cha zilango za boma la America. Dziko la Malawi silili pa mndandanda umenewo, ndipo sindikuti lidzakhalapo. Ndikungoti lamulo limene linawakhudzalo linapangidwa kumene iwo analibe mawu, ndipo chakudza sichiyimba ng'oma.

Tsono mnzanu wachitatu ndi seva yake. Mumufunse funso lija la komiti ya Python, ndipo mumufunse mwachikondi, osati momugonjetsa. Ndani adzaisamalira, ndipo iye akadwala kapena akapeza ntchito ku Lilongwe, wachiwiri ndi ndani? Bugzilla ndi chida chokhwima, anailemba Terry Weissman mu 1998 chifukwa cha Mozilla, ndipo mpaka pano Mozilla, GCC, KDE ndi LibreOffice amaidalira. Redmine nayo ndi imene olemba Ruby amagwiritsa ntchito. Koma onsewa ali ndi anthu amene ntchito yawo ndi kuyang'anira makina. Kuiika ndi tsiku limodzi. Chimene chimatopetsa ndi zotsatira zake: kutseka mabowo a chitetezo akangolengezedwa, kufufuta ma akaunti a otsatsa zabodza amene amadzaza malo aliwonse otseguka, kuonetsetsa kuti maimelo akufika osagwera ku spam, kutenga backup ndi kuiyesa ngati ikubwereradi. Seva ikakhala kunyumba kwa wina, magetsi akazima ndiye kuti kaundula wazima. Ikakhala yobwereka kunja, imafuna madola mwezi ndi mwezi, ndipo nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, komanso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mwezi umodzi mukalephera kulipira, seva ingafufutidwe pamodzi ndi nambala 47. Gulu laling'ono limataya ma bug ake kawirikawiri chifukwa cha seva yake yosasamalidwa kuposa chifukwa cha kampani yaikulu yosintha malamulo. Ola lililonse limene mnzanuyo athere pa seva ndi ola limene msungichuma uja akudikira kuti chiwongoladzanja chake chikonzedwe.

N'chifukwa chake ndikuti Codeberg. Ndi bungwe losachita phindu la ku Berlin, linatsegula malo ake mu 2019, limayendetsedwa ndi mamembala ndi zopereka, ndipo limalandira ntchito zokhala ndi laisensi yaufulu ngati yanuyi. Pulogalamu imene imayendetsa malowa ndi Forgejo, imene inaphuka kuchokera ku Gitea kumapeto kwa 2022. Maonekedwe ake ndi ofanana kwambiri ndi a GitHub, moti mnzanu wachiwiri sadzasochera. Ili ndi chida chokokera code, ma issue, ma label ndi ma pull request kuchokera ku GitHub. Ndipo ndi yopepuka, imayenda ngakhale pa kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi, ndiye tsiku limene Codeberg idzatope, kapena inu mudzakule n'kukhala ndi ndalama ndi manja, mudzaika Forgejo yomweyo pa makina anu n'kupitiriza. GitLab ndi njira inanso, GNOME inasamukira ku imeneyo mu 2018 pa seva zake, koma mudziwe kuti mbali yake yaufulu ndi Community Edition yokha, pomwe gitlab.com ili ndi zigawo zotseka, ndipo kuiyendetsa nokha kumafuna makina amphamvu.

Mtengo wake ndiunene poyera. Anthu odutsa pa Codeberg ndi ochepa. Ena amene akanakuuzani za vuto adzagwa ulesi kutsegula akaunti yatsopano, ndipo simudzadziwa n'komwe kuti analipo. Bungwe lodalira zopereka silingakhale ndi makina ndi antchito ngati a Microsoft. Mbali ina ya vutoli ili ndi mankhwala: Forgejo imatha kutumiza yokha kope la code yanu ku GitHub nthawi iliyonse mukasintha, ndiye kumeneko muzimitse ma issue n'kulemba pamwamba pa README kuti madandaulo apite kwakuti. Mukatero olemba ntchito adzakuonanibe, ofufuza adzakupezanibe. Mbali yotsalayo muilandire, ndi imene mwalipira. Kwa inu ndikuona kuti ndi yaing'ono, chifukwa cha anthu amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yanu.

M'kalata yanu yonse, mkangano uli pa zofuna za anayi inu. Koma odandaula anu enieni ndi amayi ndi abambo a banki mkhonde, okhala ndi mafoni otsika mtengo ndi bandulo ya WhatsApp yokha. Amenewa sadzatsegula akaunti pa Jira, pa GitHub, pa Codeberg, ngakhale pa seva ya mnzanu. Adzapitiriza kutumiza uthenga wa mawu wakuti foni ikukana, ndipo ali ndi ufulu wotero. Debian inazindikira kalekale kuti khomo la wodandaula liyenera kukhala lotsika: kaundula wake, amene Ian Jackson anayamba kumulemba mu 1994, amalandira madandaulo pa imelo popanda akaunti mpaka lero. Kwa inu khomo lotsikalo ndi munthu. Sabata iliyonse pakhale mmodzi wa inu wa pa ntchito yomvetsera mauthengawo, kuimbira mwini wake, n'kufunsa mofatsa: foni yanu ndi ya mtundu wanji, munadina pati, munkayembekezera kuona chiyani, nanga chinatuluka n'chiyani. Akatero alembe issue tsiku lomwelo, ndipo vuto likakonzedwa abwerere kwa mayi uja kukamuuza. Mawu a wodandaula muwalembe m'Chichewa momwe wawanenera, chifukwa kawirikawiri gwero la vuto limabisala mmenemo, kenako muike chidule m'Chingerezi kuti wa kunja athe kuthandiza.

Pamenepa ndikuchenjezeni mwamphamvu, chifukwa n'zoopsa kuposa zonse takambiranazi. Kaundula wa open source amawerengedwa ndi dziko lonse. Screenshot imene msungichuma angakutumizireni idzakhala ndi maina a mamembala, manambala a foni, ndi ngongole ya aliyense. Musaiike momwe ilili. Fufutani maina, kapena bwerezani vutolo ndi maina opeka n'kujambula chanu. Mayi amene ngongole yake yaonekera pa intaneti sadzafunsa ngati malowo anali aufulu kapena otseka, ndipo chinthu chikangofika poyera kuchibweza n'kovuta kwambiri.

Ngati intaneti imakuvutani kwambiri, dziwaninso za Fossil, imene analemba D. Richard Hipp ndipo SQLite imasungidwamo. Iyo imaika matikiti a ma bug m'nkhokwe imodzi ndi code, moti ukakopera umatenga zonse ndipo umatha kulemba tikiti popanda netiweki. Sindikuti musiye Git, poti anthu ambiri amene angakuthandizeni amadziwa Git. Ndangofuna muone kuti kulekanitsa code ndi ma bug si lamulo la chilengedwe, ndi mmene malo otchuka anasankhira kumanga.

Tsopano ntchito ija ndinalonjeza, ndipo ndi yofunika kaya mwapita ku Codeberg kaya mwatsala pa GitHub. Sabata iliyonse mutulutse ma issue onse ndi ndemanga zake kudzera pa API, muwasunge pa makina a anthu awiri osiyana. Musaiwale zithunzi zimene zaikidwamo, chifukwa kawirikawiri chimene chimatuluka ndi adiresi ya chithunzi, osati chithunzicho. Kamodzi pa miyezi ingapo muyese kusamuka mongoyeserera: ikani Forgejo pa laputopu, kokerani zonse mmenemo, muone ngati manambala akhala momwe analili, ngati zikudziwika kuti ndemanga iyi analemba ndani, ngati masiku ake sanasokonekere. Backup imene simunaiyese kubwezeretsa musaiwerengere. Ndipo pa commit iliyonse musamangolemba nambala. Onjezani chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena chifukwa chake, monga kuti magulu ena amawerengera chiwongoladzanja pa ngongole yotsala. Mawu amenewo amayenda ndi Git, ali pa laputopu ya aliyense.

Ntchito imeneyi muipereke kwa mnzanu wachitatu. Ndi amene akuimva kufunika kwake, ndipo ndi yopepuka kwambiri kuyerekeza ndi seva imene amafuna. Akaigwira mokhulupirika chaka chathunthu, ndipo pakapezeka wachiwiri woidziwa, pamenepo mungakambiranenso za seva yanuyanu muli ndi umboni m'manja. Mnzanu wa Jira mumupatse kukonza ma label ndi fomu ya mafunso ofunsa wodandaula, poti wazolowera dongosolo kuntchito kwake. Wa GitHub akonze zotumiza kope la code kumeneko. Inu monga wotsogolera muyambe sabata yoyamba yomvetsera mauthenga a mawu, ndipo mubwerere m'mbuyo pa gulu lija la WhatsApp kukatola madandaulo onse amene anakwiririka, limodzi ndi limodzi, lililonse lipatsidwe nambala yake.